Panhasi wa Soseji za Eniake

Ku Damu, Montana
20 Okutobala 1935

Wokondedwa mkazi wanga Verna, make Fern,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako ndi wa mwana. Chifuwa chija chinamusiya? Ine kuno ndili bwino, ndikudya, ndikugona. Msana wokha ndiwo ukudandaula, koma ine sindikuufunsa maganizo.

Ntchito yake ndi yonyamula zitsulo ndi matabwa kuchoka pomwe sitima yatula mpaka kumtsinje. Dziko lake, iwe, lopanda mtengo ndi umodzi womwe. Mphepo ikanyamuka uko imabwera osapuma mpaka kudzalowa m'khutu mwanga. Ndikukhala kwa mayi wina wamasiye, Mayi Tollefson, amene amagoneka ndi kudyetsa anthu a pa damu. Chipinda ndikugawana ndi Dewey wa ku Oklahoma, munthu wamtali, wa pakamwa posatsekeka. Dzina langa lamukanika, amangonditchula kuti Dachi, dzina limene amatchulira anthu akwathu.

Ndalama ndatumiza pa positi. Ugule malasha ndi nsapato za Fern, zotsalazo usunge. Mtengo wa mazira kuno ukhoza kukomoka nawo, choncho nkhuku zakozo uzizipatsa ulemu.

Tsopano tamvera. Chimanga chachikasu cha kuseri kwa khola chija usagulitse, ngakhale mlongo wako Floyd anene kuti chikungodya malo. Usankhe chabwino, uchiike mu uvuni wofunda mpaka chiyambe kununkhira ngati mtedza wokazinga, kenako utonole ukagayitse. Ufa wa panhasi, nsima yathu ija ya msuzi ndi nyama ya nkhumba yodula n'kukazinga, ndi umenewo, wina ayi.

Ndikukumva ndili kuno: panhasi wanji pakhomo popanda nkhumba? Ndikudziwa. Mwezi wamawa chigwa chonse chiyamba kupha, utsi nyumba iliyonse, ndipo mbale ziyamba kuyenda. Wopha aliyense atumiza kwa anansi soseji, kanyama ndi chidutswa cha panhasi. Iwe unakulira m'tauni, koma wakhala nafe mokwanira kudziwa kuti mbale ya eniake siibwezedwa yopanda kanthu. Imadikira pa shelefu mpaka nawe uphe yako.

Nkhumba zathu ziwiri ndinagulitsa ndine kuti ndipeze ya sitima, ndipo sindikupepesa kwa munthu. Bambo anga analankhula zawo tsiku lija iwe uli pomwepo: "Wagulitsa nkhumba zimene ndinakupatsa zili ana? Basi, pakhomo pako pasanduka chisakasa. Usadzandiitane." Chabwino. Ndiwo amene amaphera anthu nkhumba ndi kuvundula panhasi m'makomo onse, azilankhula. Koma pofika Khirisimasi ndibwera ndi ndalama ya nkhumba yonenepa, tidzapha, mbale zonse zidzabwerera kwa eniake zili zodzaza. Ndanena ndanena.

Umupsompsone Fern pamphumi.

Ndine mwamuna wako,
Mahlon

Ku Damu, Montana
17 Novembala 1935

Verna wanga,

Ndathokoza kumva kuti nonse muli bwino ndiponso kuti nsapato zamukwana. Ine ndilipo, zala zokha zang'ambika ndi chisanu.

Kalata yako ndawerenga chiimire, kukhala pansi kunandikanika. Ukuti mbale zafika zitatu, ya a Kistler, ya a Leiby ndi ya Mayi Wessner, ndipo ukamasesa umaziona ngati zikukuyang'ana. Ukuti pakhomo pa tchalitchi akazi a Leiby anakugwira mkono nati, "Mbale yamaluwa ija musafulumire nayo, tikudziwa mmene zinthu zilili," amayi onse akumva. Zandipweteka, Verna. Ndikanakonda akanangokutukwana, chifukwa wotukwana umamuyankha.

Koma zimene walemba kumapeto zija sindikuzilola. Floyd wakupezera malo ku fakitale ya masokosi kumzinda wa Reading kuyambira Chaka Chatsopano, ndi kachipinda pamwamba pa shopu yake? Amufunsa ndani? Ukatseka chitseko chimenecho sitidzachitsegulanso. Mwini malo akangoona kuti chumuni chathu sichikufuka, aika banja lina chisanu chisanathe, ndipo dzina lathu lichoka m'chigwa. Fern akakulira pamwamba pa shopu chifukwa cha mbale zitatu? Iyayi, make Fern. Ndipirireko.

Za bambo ukuti mbale yawo siinabwere, ndiponso kuti a Kistler anachita kuitana munthu wa ku Kutztown kudzawaphera chifukwa bambo akana aliyense, akuti atopa. Atopa! Munthu woti chaka chatha ankasenza theka la nkhumba paphewa uku akuimba nyimbo ya m'tchalitchi? Akwiyira ine mpaka kulanga chigwa chonse. Aleke, mutu wouma ndi wawo.

Tsono ndikukutuma ichi, ndipo usandifunse chifukwa. Nyama ndi panhasi za m'mbalezo idyani. Koma soseji usakhudze. Uzipachike kudenga kozizira kuja, komwe mphaka safika. Zina zikabwera uzipachikanso.

Loweruka ndinalowa m'sitolo kukagula ulusi. Pa tebulo panali soseji, pambali pake thumba la ufa wachikasu. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka mwini sitolo anati, "Bambo, mukugula kapena mukupemphera?" Ndinagula zonse ziwiri, ulusi ndinaiwala.

Mtsinje wayamba kuuma ndi chisanu m'mbali ndipo akapitawo akumayenda ndi nkhope zina. Zinazo ndidzakuuza pamaso.

Wako,
Mahlon

Ku Damu, Montana
1 Disembala 1935

Make Fern,

Ndikhulupirira chisanu sichinakuloweni m'mafupa. Ine ndili moyo, ulemu wokha ndiwo wandichokera m'nyumba muno. Khala pansi useke mwamuna wako.

Chimene ndikufuna ndi ichi: panhasi wopanda mutu wa nkhumba, wa soseji ndi ufa basi. Mayi Tollefson anandibwereka chitofu Lamulungu masana, pangano lake nditsuke miphika yonse ya nkhomaliro. Ndinaphika soseji m'madzi, madzi atawira ndinakhuthuliramo ufa. Mibulu yokhayokha, ina yaikulu ngati mazira a nkhuku zako. Dewey anasuzumira mumphika nati, "Dachi, zimenezi tidya kapena tikagendera akapitawo?"

Lamulungu linalo ndinayambanso. Ufa ndinayamba ndausungunula m'madzi ozizira, mibulu inalibe. Ndinathira m'tini ya buledi, n'kuika pawindo kuti zigone. M'mawa zinaoneka bwino, mtima unachita kuti myaa. Ndinadula, ndinaponya m'chiwaya, anthu onse a patebulo atandizungulira. Asa! Zidutswa zija zinangoti phwasu, n'kusanduka phala losambira m'mafuta.

"Kwanu mumakazinga phala?" anatero Dewey. "Nanga madzi akumwa mumawotcha pamakala?"

"Tseka pakamwa iwe, kwanu mumadya fumbi."

"Fumbi lathu silithawa m'chiwaya, achimwene."

Mayi Tollefson anatapa pang'ono n'kuika pansi. Galu wawo ananunkhiza, anandiyang'ana ine, n'kutuluka panja pa chisanu chonsecho. Nyumba yonse inafa nacho chikhakhali. Ndinaseka nawo.

Ndaganiza mofatsa. Bambo amaphika mutu, mafupa ndi chikopa, ndipo msuzi wake ukazizira umagwirana wokha. Soseji ilibe zimenezo, ili ndi mafuta basi. Vuto lina ndi ili: ine mthiko wa panhasi sindinaugwirepo. Kuyambira ndili mwana mpaka ndakukwatira, ntchito yanga pa tsiku lopha inali imodzi. "Iwe sonkhezera moto, mthiko si wa aliyense." Zonse zimene ndikudziwa ndinazionera pansi, maso akulira ndi utsi. Koma ndakumbukira chinthu. Bambo sasiya kuvundula mpaka atauimika mthiko pakati pa mphika n'kuchotsa dzanja, mthiko n'kuima wokha. Ine ndinasiya msanga chifukwa mkono unatopa.

Ndalama za ulendo uno zachepa, usadabwe. Malasha ugule theka, uziwotcha nkhuni za mtengo wa maapozi unagwa uja. Za Khirisimasi tidzakambirana, njira yatalika kuposa mmene ndinkaionera.

Floyd akabwera umupatse khofi, yankho usamupatse.

Mwamuna wako wosagonja,
Mahlon

Ku Damu, Montana
15 Disembala 1935

Verna, Verna!

Moni wa chimwemwe. Ndikhulupirira muli bwino, koma lero ndilibe nthawi yofunsa zambiri. Zatheka! Mthiko waima!

Lachiwiri m'mawa ndinadula, ndinaika m'chiwaya, zidutswa zinakhala phee, zinapsa mpaka kuchita nkhoko yofiirira. Dewey anadya chimodzi ali chete, zomwe sindinazionepo. Anadya chachiwiri. Kenako anati, "Zoipa ndithu izi. Ndipatse china nditsimikize." Galu uja ndam'mana dala.

Tsopano tenga apuloni, ndikuphunzitse. Tsitsa soseji zonse kudenga, za a Kistler, za a Leiby, za Mayi Wessner. Usasankhe, zonse mumphika umodzi. Ung'ambe zikopa, nyama uifinye ndi manja m'madzi ozizira mpaka inyenyeke, ndiye uike pamoto iwire pang'onopang'ono. Ikapsa uvuule nyamayo, msuzi uike panja pa chipale chofewa kuti uzizire. Mafuta akauma pamwamba uwachotse ndi supuni, usiye ochepa chabe. Amenewo ndiwo anandichititsa manyazi. Usawataye, ndi okazingira.

Msuzi ubwerere pamoto. Ufa wathu wokazinga uja uusungunule m'madzi ozizira, uwonjezere dzanja limodzi la ufa watirigu, chifukwa ndiwo ugwire ntchito ya mutu wa nkhumba. Uzithira pang'onopang'ono uku ukuvundula. Zikayamba kulimba ubwezeremo nyama, mchere ndi tsabola wakuda. Apa ndiye pali nkhondo. Moto ukhale wochepa, ndipo uvundule osaleka. Mkono udzakuuza kuti zapsa, ndi wabodza. Phewa lidzakuuza kuti zapsa, nalonso ndi labodza. Fern akalira alire. Uimike mthiko pakati, uchotse dzanja. Ukagwa, yambanso. Ukaima, thira m'matini a buledi, usalaze pamwamba, zigone pozizira.

M'mawa udule chidutswa chimodzi chochindikala ngati chala chako, uchiwaze ufa, uike m'chiwaya chotentha. Usachigwiregwire! Ndikukudziwa iwe ndi mpeni wako wotembenuzira. Uchisiye mpaka m'mbali mufiire, utembenuze kamodzi kokha. Ulawe ndi jamu wa maapozi. Chikakhala bwino, utsuke mbale za eniake, uike chidutswa chachikulu pa iliyonse, uvindikire ndi nsalu yoyera, uvale chipewa chako cha Lamulungu, ukapereke wekha pakhomo lakumaso.

Udzati ndi bodza, aliyense akudziwa kuti tilibe nkhumba. Adziwe. Sitikunena kuti tapha. Chimanga ndi chathu, moto ndi wathu, mkono ndi wako. Akafunsa uwauze zoona, mutu uli m'mwamba.

Khirisimasi ino sindibwera. Ndalemba msanga kuti ndithane nazo. Masiku ano ndikupezeka kukhitchini kawirikawiri, Mayi Tollefson akuti ndiziwaphikira anthu awo panhasi m'mawa uliwonse. Kachidole ka Fern kali m'njira, ndasema ndekha, ngati sikakuoneka ngati hatchi umuuze kuti ndi galu.

Ndakusowa.

Mahlon

Ku Damu, Montana
5 Januwale 1936

Mkazi wanga,

Chaka chabwino kwa iwe ndi mwana. Ndili bwino, kachifuwa chabe ka anthu onse kuno.

Wandigwira. Ukuti munthu wonyamula zitsulo amapeza kuti nthawi yokazinga panhasi Lachiwiri m'mawa? Ndinakwatira wapolisi ine. Inde, mtsinje utauma anatiimitsa ambiri mpaka nyengo yofunda. Ena akwera sitima za katundu, kaya alowera kuti. Ine ndili ndi bedi ndi chakudya chifukwa cha mphika uja, ndipo anthu a m'nyumba zina ayamba kubwera kudzagula zidutswa pakhomo lakuseri. Sindikufa ndi njala, mtima pansi.

Koma iwe! Mphika woyamba womwe mthiko n'kuima? Ine kawiri konse kuchita manyazi pamaso pa galu, iwe kamodzi? Ndakunyadira mpaka ndauza aliyense, ndi wa positi yemwe.

Nkhani ya a Leiby ndawerengera anthu patebulo, nditayamba ndawafotokozera kuti a Leiby ndi a Kistler salankhulana chiyambire mkangano wa mpanda uja, ndipo ngakhale nkhuku zawo sizionana. Ndiye ukuti a Leiby analuma, anatafuna, n'kuima. "Muli adyo umu. M'chigwa chino wothira adyo mu soseji ndi mmodzi yekha." Iwe n'kuyankha kuti, "Eya, ndipo a Kistler nawonso panopa akudya tsabola wanu." Verna! Pakamwa pamenepo unali kubisa kuti zaka zonsezi? Ndipo mkuluyo n'kumaliza chidutswa chonse, amvekere, "Nkhumba yake ndi yabwino, mwini wake ndiye ayi." Dewey anatsamwa ndi khofi. Akazi a Leiby aja alandire mbale yawo yamaluwa, tafulumira nayo.

Tsono pali mawu ako amene andikhala pakhosi. Ukuti Floyd wamuuza kuti adikire mpaka kutha kwa mwezi uno, koma sunamukane. Ukuti anansi ndi anansi, koma sungakhale m'chigwa momwe apongozi ako enieni sakuwerengera, osabwera kudzaona mdzukulu ngakhale pa Khirisimasi, osaoneka ndi kutchalitchi komwe kuopa kukumana nawe. Sindikutsutsa. Akhala akukutchula kuti "wa m'tauni uja" kuyambira tsiku la ukwati, ndipo ine ndinkangoti uwazolowere.

Ndiye ndikupempha chinthu cholimba. Sindikulamula, ndikupempha. Mayi Wessner ukuti akupatsanso soseji. Uphike mphika wina, utenge mbale yathu, yoyera ya mzere wabuluu ija, ukwere phiri ndi Fern ukawapatse bambo. Iwo sanatitumizire kanthu, tilibe nawo mangawa a mbale. Ndi chifukwa chake ndikufuna ipite. Adzanunkhiza, adzati ndi chakudya cha agalu, mwina adzakutsekera chitseko. Akatero uisiye pakhonde ubwerere. Mbale imeneyo idzakhala kwawo, ndipo lamulo la mbale amalidziwa kuposa munthu aliyense. Tione ngati angaibweze yopanda kanthu.

Ukapita n'kukunyoza, za Floyd sindidzakuletsanso. Koma upite kaye.

Ndine wako,
Mahlon

Ku Damu, Montana
26 Januwale 1936

Verna,

Uli bwanji? Mwana ali bwanji? Ndikufunsa zenizeni, si mwambo wa kalata.

Sindinalandire kanthu kuchokera kwa iwe chilembere kalata ija. Wa positi akangondiona pakhomo amapukusa mutu ndisanatsegule pakamwa. Kuno kwazizira moti malovu amauma asanafike pansi, ndipo munthu wina wa nyumba yoyandikana nafe anamupeza m'mawa atafa ndi chisanu pafupi ndi njanji. Zinazo ndidzakuuza pamaso.

Kodi bambo anakulankhula zotani? Ngati anakutukwana, undiuze mawu ake onse, usandibisire. Ndinakutuma ndine. Kapena uli kale ku Reading? Dewey akuti ndilembe makalata awiri, ina ipite kwa Floyd. Ndakana. Kalata iyi ikupita kunyumba kwathu, chifukwa ndi komwe mkazi wanga amakhala mpaka atandiuza yekha kuti wachoka.

Ndikuvundulabe m'mawa uliwonse. Dzulo ndinapsereza mphika wonse ndili chiimire pomwepo, Mayi Tollefson anangondilanda mthiko.

Ngati nkhuni zatha uthyole mpanda wa khola la nkhumba, ulibe ntchito. Chumuni chisaleke kufuka.

Ndiyankhe, ngakhale mzere umodzi.

Mahlon

Ku Damu, Montana
9 Febuluwale 1936

Wokondedwa Verna, make Fern, mkazi wa m'chigwa,

Yafika! Ndili bwino tsopano, ndipo ndathokoza Mulungu kuti nonse atatu muli moyo. Ndalemba kuti atatu, waona?

Ndinaiwerenga ndekha kuseri kwa nyumba, kenako Dewey ndi Mayi Tollefson anandikakamiza kuti ndiwawerengere. Ndinafika pakati mawu n'kundithera, anamaliza ndi Dewey.

Ine kuno kumatukwana kuti mutu wouma, mutu wouma, osadziwa kuti bambo anagwa m'khola mu Okutobala n'kudzuka dzanja lamanja litafa. Miyezi yonseyi kulibisa m'thumba la jekete, kuuza anthu kuti atopa, kuleka tchalitchi kuopa kupatsana moni wa dzanja. Ndiye iwe ukufika ndi mbale yako, ukumva kulira kuseri, ukusuzumira: nkhumba ya bambo ili moyo mu Januwale! Yonenepa mpaka kulephera kudzuka. Munthu wophera chigwa chonse, yake ikumudyera chimanga chifukwa mpeni sangaugwire ndipo kuitana wa ku Kutztown sangayerekeze. Ndipo m'kabati mbale za eniake zili mulu, zotsukatsuka, kuposa zako zija. Ndalira, Verna. Sindikubisa, ndalira ngati mwana, mokwiya ndi momva chisoni nthawi imodzi.

Ukuti atatsegula chitseko anati, "Wasochera, wa m'tauni?" Iwe n'kungowadutsa, kukoleza chitofu chawo, kukazinga, kuwaikira patsogolo. Atalephera kudula ndi dzanja limodzi, Fern n'kunena kuti, "Agogo, dzanja linalo mwaliiwala m'thumba." Mwana ameneyo watengera iwe. Ndipo chipale chofewa n'kugwa tsiku lomwelo, kutseka njira, kukutsekerani m'nyumba imodzi masabata onsewa, inu awiri amene simunamwerepo khofi pamodzi. Ine kuno ndikuyesa uli ku Reading ukuluka masokosi.

Pamene ndawerenga mobwereza ndi apa. Adya zidutswa zitatu, apukuta pakamwa, akuti, "Si panhasi ameneyu." Kenako akuyang'ana kabati ija nthawi yaitali, n'kufunsa chapansipansi, "Soseji zimene anthu ananditumizira zili kudenga. Zingakwane mbale zonsezo?" Ndiye mwatulutsa chimphika chawo chachitsulo, iwo akukalipa pambali, "Pansi, mkazi iwe, kanda pansi! Ukusisita mphaka kodi?" Ndipo mthiko uli m'manja mwako ndi wawo uja, wa mtengo wa mtedza, umene ine mwana wawo wobala sanandilole kuukhudza ngakhale kuutsuka. Ndachita nsanje, ndisaname. Dewey akuti nkhope yanga inafiira ngati soseji.

Ukuti njira itatseguka munayenda limodzi khomo ndi khomo, iwe utanyamula mbale, iwo dzanja lili panja, aliyense aone. Ndiponso kuti Floyd wamulembera kuti malo aja apatse wina. Pamenepo sindinena zambiri, ndingadetse pepala. Zikomo, make Fern.

Uthenga wawo ndaulandira. Chichokereni ine sananditumizire liwu ndi limodzi lomwe, lero akuti, "Umuuze Mahlon kuti mchere wachepa." Basi? Basi. Ndikuwadziwa bambo anga, pamenepo alankhula zambiri.

Tsono imva. Nkhumba imeneyo iyenera kuphedwa chisanu chisanathe, kukafunda nyama iwonongeka. Ntchito ya pa damu akuti iyambanso mu Epulo, malo anga atenge wina. Ya sitima yakwana ndi zidutswa za pakhomo lakuseri zija. Mphika wa kuno ndasiyira Dewey. Akuvundula uku akulankhula, ndiye mwina upsa chaka chamawa. Ndinyamuka Lachinayi.

Uuze a Kistler ndi a Leiby kuti ndidzafuna amuna awiri ogwira miyendo. Onse awiri, ndipo aime mbali imodzi. Mpanda wa khola lathu ngati sunauthyole usauthyolenso. Migolo uitsuke, nkhuni zikhale zambiri, ufa wokazinga wotsala uupititse kwa bambo. Mipeni asanole munthu, ndidzanola ndekha iwo akundikalipira.

Uwauze kuti za mchere ndamva. Adzathire okha, dzanja lamanzere limatha zimenezo. Mpeni ndidzagwira ine. Mthiko anakupatsa iwe, usaubweze. Ine ndidzasonkhezera moto.

Ndine mwamuna wako, ali m'njira,
Mahlon